Funso: Tadala wa m'buku langa akungokankhidwa ndi anthu ena, ndimukonze bwanji?

Wofunsa:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndikulemba buku la nkhani yopeka, ndafika mutu 9 mwa mitu 14. Nkhaniyo ikuyambira ku Dowa m'chaka cha 2005. Tadala, wa zaka 14, wakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo wasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya CDSS. Mayi ake amwalira, bambo ake anapita ku Joni ndipo sakumveka. Malume ake agamula kuti akakhale ku Lilongwe ndi msuweni wa mayi ake, yemwe walonjeza sukulu, koma kumeneko wasanduka wantchito wapakhomo. Anthu awiri amene awerenga anena zofanana: akumumvera chisoni koma sakumudziwa, ndipo pa mutu 9 ali monga analili pa mutu 1. Ine ndikufuna kuonetsa momwe zochita za akuluakulu zimaumbira mwana. Ndimukulitse bwanji popanda kumupatsa mphamvu zabodza zokanira malume ake pabwalo?

Mkonzi wa zolemba:
Achemwali, izi n'zokonzeka. Gawani pepala m'magawo atatu. Gawo loyamba lembani chilichonse chimene munthu wina wamugamulira Tadala. Lachiwiri, chimene chigamulocho chamulanda. Lachitatu, chimene iye wachita ndi manja ake pasanathe masamba asanu. M'gawo lachitatulo ndikuganiza mupeza "analira", "anangoti chete", "anapemphera". Pakudontha ndi pamenepo. Zonsezo zikutiuza momwe akumvera, koma sizikusuntha kanthu, choncho wowerenga alibe poti n'kumugwira.

N'zoona, mwana wa zaka 14 sangakane mawu a malume. Koma pansi pa chigamulo chachikulu pamatsala tinthu ting'onoting'ono toti asankhe yekha. Auzidwa kuti mawa akwera basi, ndipo ali ndi jumbo imodzi. Asiya chitenje cha malemu mayi ake kuti makope akwane, kapena asiya makope? Ku Lilongwe amutuma kuchigayo, yatsala K20. Abweza, kapena ayisokerera mumpendero wa siketi kusungira ulendo wobwerera? Tsiku limene wabisa ndalama koyamba, waphunzira kunamiza wamkulu, ndipo salinso mwana amene anachoka ku Dowa. Musaope kuti kukulako sikokoma.

Pa mitu 14, zigamulo zikuluzikulu za anthu ena zisapose zinayi kapena zisanu. Zikachuluka, wowerenga amachita dzanzi, tsoka lachisanu ndi chitatu silimupwetekanso. Ndipo yankho la Tadala lizikula: koyamba abisa K20, kachiwiri alembera kalata aphunzitsi ake akale mwamseri, kachitatu afunsa funso pamaso pa alendo. Pofika mutu 11 kapena 12 atembenuke, achite chinthu chimene chigwera munthu wina. Mwina ndalama wasunga zija zingakwane mayeso ake kapena mankhwala a mng'ono wake wotsala kumudzi, osati zonse ziwiri.

Mphunzitsi wa Chichewa:
Ine ndiima pa malumewo, chifukwa iwo akakhala opanda kanthu m'kati, Tadala nayenso sadzadza. Poyamba tiuzeni m'bukumo ngati ukwati wa makolo ake unali wa chikamwini kapena chitengwa. Pa Achewa ana ndi a kuchikazi, ndipo malume ndiye mwinimbumba, n'chifukwa chake mawu awo amalemera kuposa a mkamwini. Wowerenga wa kumpoto, kumene ana amatsata kwa bambo, adzafunsa kuti achibale a bambo ali kuti, ndiye chiganizo chimodzi chomveka chifunika.

Chachiwiri, nkhani ya ana amasiye sagamula munthu mmodzi ali yekha. Abale amakhala pansi maliro atatha, agogo aakazi alipo, mayi aang'ono alipo. Lembani msonkhanowo wonse, usakhale wongosimbidwa. Tadala akhale kuseri kwa khitchini akutsuka mbale, akumva mawu oduka-duka. Amve yemwe wamuikira kumbuyo, ndi yemwe amamudalira koma wangoyang'ana pansi. Kukhala chete kwa mayi aang'ono kungamupweteke koposa mawu a malume.

Chaka mwasankhacho chikukuthandizani kwambiri. Mu 2005 mvula inadukiza, zokolola zinachepa, ndipo mu Okutobala boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anthu ankagona pamizere ya ADMARC. Nthawi imeneyo chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale, osati Seputembala, ndiye kuti fizi ya Fomu 1 ikufunika pamene njala yafika pachimake. Pulayimale inali yaulere kuyambira 1994, koma sekondale inali yolipira. Apatseni malumewo ana awoawo asanu ndi nkhokwe yooneka pansi. Akamati "kumeneko ukadya katatu", akhale akukhulupirira zimene akunenazo. Awonekenso akutaya kanthu, mwina agulitse mbuzi yotsala kuti apeze ya basi.

Wowerenga mabuku:
Pepani aphunzitsi, pamenepo ndisiyana nanu pang'ono. Tikayamba kupezera aliyense chifukwa, bukulo likhala ngati palibe wolakwa. Mayi wa ku Lilongwe uja akudziwa chimene akuchita. Ana ake akuvala yunifolomu m'mawa, Tadala akukolopa. Ana ambiri adutsa m'zoterezi, musawachepetsere ululu wawo.

Mphunzitsi wa Chichewa:
Mwanena zoona bambo, sindikuti akhululukidwe. Ndikuti chifukwa chake chioneke. Mayiyo azinena kuti "teremu ya mawa" ndipo teremu ikafika azipeza chonamizira china. Pa teremu yoyamba mwina analidi wopanda ndalama, pa yachitatu wangozolowera kupeza madzi osamba atatentha. Kusinthako Tadala akuone ndi maso ake. Akazindikira yekha kuti lonjezo lafa, popanda womuuza, nzeru zake zakula pamaso pathu. Mayiyo akakhala woipa kuyambira tsiku loyamba, Tadala alibe choti n'kuzindikira.

Mlembi wa masewero:
Zitatu zokha. Kusamveka kwa bambo nakonso n'chisankho, koma munthu wosapezeka salembeka ndi mawu oti "anawasowa". Mupatseni chinthu chogwirika: wailesi imene anasiya, yopanda mabatire, yomwe malume akufuna kugulitsa. Samalaninso za nthawi. Mu 2005 WhatsApp kunalibe, mafoni am'manja kumudzi anali a anthu owerengeka, makalata ankadzera pa keyala ya sukulu kapena ya tchalitchi, ena ankapatsira munthu wapaulendo. Ndalama yapepala ya K1,000 inabwera mu 2012, musayiike m'manja mwa malume.

Chenjeraninso ndi mpulumutsi wa pa mutu 13, kaya ndi bungwe, kaya ndi mlendo wachifundo wodzalipira fizi. Akangotulukira, mwabwezera Tadala pomwe anali, moyo wake waugamulanso munthu wina. Thandizo likabwera, libwere chifukwa cha kalata imene iye analemba pa mutu 6. Ndipo libwere ndi mtolo wake, poti wokulipirira fizi amayembekezera kuti uzimumvera.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Ndagawa pepala lija, gawo lachitatu lili ndi "analira" kasanu ndi kawiri. Funso lotsala: ndionetsa bwanji kuti wasintha popanda kulemba kuti "Tadala anakhwima maganizo"?

Mkonzi wa zolemba:
Chiganizo chimenecho chifufuteni paliponse chili. M'malo mwake sankhani chochitika chimodzi chapakhomo n'kuchibwereza katatu. Tinene kuperekera madzi osamba m'manja. Pa mutu 1 Tadala wagwada, akuthirira malume, maso ali pansi, madzi akutayikira pambali poti manja akunjenjemera. Pa mutu 7 malume abwera ku Lilongwe kudzacheza, wagwadanso, madzi sakutayika, ndipo akuona koyamba kuti zikhatho zawo n'zong'ambika ndi khasu ndiponso kuti iwowo akupewa kumuyang'ana. Pa mutu 14 wagwadabe, mwambo sanautaye, koma asanathire akuti, "Malume, ndili ndi mawu." Beseni ndi lomwelo, jagi ndi yomweyo, musinthe chinthu chimodzi chokha nthawi iliyonse. Mukasintha zambiri, wowerenga saona kuti n'kubwereza.

Werenganinso mawu onse otuluka pakamwa pake, muwalembe paokha motsatana. M'mitu yoyamba akhale aafupi: "ndamva", "chabwino", "eya". Pakati ayambe mafunso. Kumapeto anene chimene akufuna. Mizereyo ikamveka yofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndiye kuti ntchito ikadalipo.

Musapitirire ku mutu 10 tsopano. Bwererani ku mutu 2, 4 ndi 6, muikemo jumbo ija, K20 ija ndi kalata ija. Kenako mupatse munthu wachitatu amene sanawerengepo, ndipo musamufunse ngati nkhaniyo yamukomera. Aimire pamapeto pa mutu 6, mumufunse kuti akuganiza kuti Tadala achita chiyani malume akabwera.