Mzere wa suweji ukutaya mpweya, mwini malo akuti tikwirire: tichite bwanji?

A Tembo (foromani, Chalala): Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tikuyala mapaipi a suweji pa mapuloti atsopano kuno ku Chalala mu Lusaka, apulasitiki a uPVC a 160mm, mamita 60 pakati pa manhole awiri. Pansi tinathira fumbi la kwale, m'mbali tatsindira, koma majointi onse adakali poyera. Poyesa ngati mzere ukudontha, tikatseka mapaipi ndi mapulagi n'kupopa mpweya mpaka madzi a m'chubu cha U choyezera mphamvu ya mpweya afike 100mm, mphindi ziwiri zisanathe atsika kale pansi pa 50mm. Mwini malo akuti kwirirani basi, mitambo yayamba kusonkhana ndipo ogula mapuloti akufuna msewu utseguke. Mtima wanga ukukana. Ndiyambire pati?

A Zulu (pulambala, Matero): Musanaikayikire paipi, kayikirani mapulagi anu. Sungunulani sopo m'madzi, muthire pa pulagi, pa valavu ndi polowera chubu, wina akupopa. Kamchenga kamodzi pakamwa pa paipi n'kokwanira kugwetsa testi yonse. Nanga munayesa nthawi yanji? Dzuwa la October likawomba paipi mpweya wa m'kati umafufuma, mtambo ukangodutsa umazizira, madzi m'chubu n'kutsika ngakhale palibe podontha. Bwerezani m'mamawa kusanatenthe.

A Tembo: A Zulu, munalasa. Pulagi ya kumunsi imatulutsa thovu. Tapukuta, tamanganso, tayesa m'mawa uno. Zasinthako koma sizinathe: m'mphindi zisanu madzi achoka pa 100mm kufika pa 60mm.

Mayi Banda (injiniya): Ndiye kuti podontha palipo ndithu. Onani zomwe zalembedwa mu specification yanu (chikalata cha malamulo a ntchitoyi), koma muyezo womwe ambiri timatsatira pa testi ya chubu cha U ndi uwu: mufike pa 100mm, mudikire mphindi zisanu kuti mpweya ukhazikike, mubwezere pa 100mm, kenako m'mphindi zisanu zotsatira asatsike kupyola 75mm. Inu muli pa 60, mwagwa.

Mpweya umangokuuzani kuti pali bowo, sunena kukula kwake. Mwini malo akatsutsa, woweruza ndi madzi. Pa EN 1610, muyezo wa ku Ulaya woyalira ndi kuyesera mapaipi a suweji, mumadzaza mzere wonse, madzi akhale mita imodzi kapena kuposa pamwamba pa paipi kumtunda, koma asapitirire mamita 5 kumunsi. Muusiye ola limodzi, kenako muyeze madzi omwe mukuwonjezera m'mphindi 30 kuti levulo isasinthe. Chololedwa ndi malita 0.15 pa sikweya mita iliyonse ya m'kati mwa paipi. Paipi yanu m'kati ndi pafupifupi 150mm, ndiye pa mamita 60 ndi masikweya mita 28, kutanthauza malita anayi ndi pang'ono. Kuposa apo musasainire chilichonse.

Chisomo (wophunzira ntchito): Pepani akuluakulu, ndifunseko ngati mwana. Suweji ilibe pressure, madzi amangotsetsereka okha. Kabowo kosaoneka ndi maso kangawononge chiyani? Ndinamvapo kuti mafuta a m'khichini amadzatseka okha.

A Mwale (kontrakitala, Lilayi): Mwanawe, wafunsa bwino, ndipo mawu a mafutawo uwaiwale lero lomwe. Kwina kumene dothi ndi lakuya, lamakande, mwina kabowo kangakhale zaka osavulaza munthu. Lusaka sinakhale pa dothi lotere. Kummwera ndi kumadzulo kwa mzinda tili pamwamba pa mwala wa dolomite ndi laimu, wodzadza ming'alu ndi mphako. Chomwe chatuluka m'paipi sichisefedwa, chimatsika ndi mng'alu mpaka kukapeza madzi a pansi. Tsono yang'ana ku Chalala komweko: nyumba zingati zimamwa madzi a borehole ya pabwalo pawo? Anthu akuvomera kulipira suweji pothawa ma septic tank ndi ma soakaway (maenje omwetsera madzi onyansa pansi) oyandikana ndi zitsime zawo. Ife tikawapatsa paipi yodontha, tangowasamutsira vuto lomwelo pansi pa msewu pomwe sangalione.

Kolera ya 2017 mpaka 2018 tinaiona. Ya 2023 mpaka 2024 inafika poti Heroes Stadium inasanduka chipatala. Sindikunena kuti jointi imodzi ya a Tembo ingadzetse zimenezo, ayi. Koma matendawa njira yake ndi yomweyi, zonyansa kukumana ndi madzi akumwa.

Ndipo bowo limagwira uku ndi uku. Mvula ikakhazikika mu January ndi February madzi a pansi amakwera, m'malo ena mpaka kumiza paipi. Pamenepo ndi madzi akunja omwe amalowa, atanyamula dothi. Paipi imadzaza ndi madzi omwe sinawerengeredwe, manhole akumunsi n'kusefukira, malo oyeretsera ngati Manchinchi n'kulandira katundu wosakhala wawo. Dothi lomwe lalowalo lachoka pansi pa msewu, ndiye pakapita nyengo msewu umatitimira pomwepo. Mizu ya mitengo nayonso imalondola chinyezi.

A Zulu: A Tembo, mwayi wanu ndi woti majointi ali poyera. Wina azipopa pang'onopang'ono, inu muyende ndi botolo la sopo jointi ndi jointi. Muyambe ndi pomwe munadula paipi, ndi polowera m'manhole. Pansi pa jointi gwiritsani kagalasi, chifukwa mphira wotseka jointi umakonda kuthawira kumeneko.

A Tembo: Tapeza malo awiri. Loyamba ndi jointi ya chidutswa chodula pafupi ndi manhole ya kumtunda. Mlomo wake sunasongoledwe, ndiye polowetsa unakankha mphira n'kuupinda. Lachiwiri landidetsa nkhawa kwambiri: chapakati pa mzere paipi yatsamira pa nsonga ya mwala yomwe inabisika m'fumbi, ndipo yachita kamng'alu pansi. Anyamata akuti timate ndi guluu n'kuzinga konkire.

Mayi Banda: Ayi, guluu ndi konkire zisayandikire pamenepo. Chigamba chotere chipambana testi ya mawa n'kudzatseguka galimoto zikayamba kudutsa. Dulani chidutswa chong'alukacho, muike chatsopano ndi ma slip coupling awiri (zolumikizira zotsetsereka pa paipi), milomo yosongoledwa bwino, ndipo mulembe chizindikiro pa paipi kuti mudziwe kuti coupling yakhala pakati. Pa jointi inayo ikani mphira watsopano, wopindikawo mutaye. Poterereza gwiritsani lubricant ya mapaipi, osati girisi kapena oilo wa galimoto, chifukwa zimadya mphira.

Za mwalazo ndi zomwe zikundikhudza. Ngati nsonga imodzi inabisika, zilipo zina. Tengani chitsulo muzibaya fumbi m'mbali mwa paipi mzere wonse. M'ngalande ya thanthwe ine sindivomera zoyala pansi zochepera 150mm, ndipo nsonga iliyonse iphwanyidwe, osati kungoiphimba. uPVC imafuna kugona thupi lonse pofewa; ikatsamira pamfundo imodzi, kulemera konse kwa dothi la pamwamba kumathera pomwepo.

A Mwale: Ndiwonjezere za pambuyo pake, poti ambiri amapumira pa testi yoyamba. Mukakwirira muyesenso, chifukwa kutsindira ndi komwe kumasuntha majointi. Dothi loyamba pamwamba pa paipi likhale lopanda miyala, lotsindira ndi manja mpaka 300mm, makina abwere pambuyo. Mukatha, wina aunike ndi tochi m'manhole imodzi, wina ayang'ane ndi galasi m'inayo. Kuwala kukaoneka ngati mwezi wathunthu, mzere ndi wowongoka. Kukaoneka kodukiza, penapake pafwamphuka kapena patitimira, ndipo pamenepo ndi pomwe zonyansa zidzaima. Ngati mzerewu udzaperekedwa kwa a Lusaka Water, kampani ya madzi ndi suweji, aitaneni adzaone testi ndi maso awo dothi lisanabwerere, ndipo zotsatira zilembedwe, tsiku, manhole mpaka manhole, ndi siginecha.

A Tembo: Zikomo nonse. Mwini malo ndamuonetsa chidutswa chong'aluka m'manja, wavomera kuti msewu udikire. Takonza malo awiri aja, mpweya waima pa 92mm m'mphindi zisanu. Pobaya fumbi tapezanso nsonga zina, anyamata ali pa jackhammer. Funso lotsala: ma manhole ndi a njerwa za konkire, opaka pulasitala m'kati. Ndiwayese pamodzi ndi mzere kapena paokha?

Mayi Banda: Paokha, kuti akagwa mudziwe wolakwa. Tsekani mapaipi onse olowa ndi otuluka, mudzaze madzi, muwasiye usiku wonse kuti njerwa ndi pulasitala zimwe kaye, apo ayi adzaoneka ngati akudontha pomwe akungoyamwa. M'mawa mubwezere levulo n'kuyeza mphindi 30. Chololedwa ndi malita 0.40 pa sikweya mita. Diso likhale pomwe paipi yaboola khoma, chifukwa simenti sigwirana ndi uPVC yosalala. Ngati simunaikepo manhole coupling, cholumikizira chomatidwa mchenga kunja kwake kuti simenti igwire, ndiuzeni musanathire madzi, tikambirane kaye za pamenepo.