Makoswe aakazi okalamba ndi kutentha kwa thupi

Funso: Anzanga, June wazizira kuno ku Harare, ndipo makoswe aakazi a miyezi 12 mu labu kutentha kwawo kukungosinthasintha. Ndi mahomoni kapena chipinda?

Yankho: Achemwali, yambani ndi chipinda: chikhale pa madigiri 20 mpaka 24, ndi usiku womwe. Muziyeza kutentha kwa makoswewo nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, mwachangu, chifukwa khoswe akagwidwa amachita mantha, thupi limatentha, mchira n'kuzizira.

Yankho: Ine ndikukayikira msinkhuwo. Khoswe wamkazi wachichepere nyengo yake yofuna wamwamuna imabwera masiku 4 kapena 5 aliwonse, akamakalamba imasokonekera. Muzitenga vaginal smear (timadzi ta kumaliseche toyeza kuti mudziwe pomwe nyengoyo yafika) m'mawa uliwonse.

Yankho: Yezaninso mchira, ndi komwe kutentha kumatulukira. Mukachotsa thumba la mazira estrogen (homoni ya chikazi) imatsika, khungu la mchira limatentha kwambiri usiku. Koma mwa khoswe wokalamba estrogen siitheratu ngati mwa amayi osiya kusamba, musawafanizire.