Digiri ya unamwino pa ngongole: malipiro ake adzabwezadi?

Membala wosadzitchula dzina:
Moni nonse agulu. A admin ndibiseni dzina chonde. Ndili ku Mangochi kuno, geni yanga ndi ya usipa wouma, ndimapikula kunyanja n'kukagulitsa ku Limbe. Mlongo wanga wamng'ono wasankhidwa ku KUHeS, yunivesite ya boma ya zaumoyo, kukachita digiri ya unamwino ndi uzamba, zaka 4. Nthungululu zinalira pakhomo, koma pano takhala pansi kuwerengera ndipo mutu waima.

Madala akuti agulitse injini ya boti, mwana aphunzire opanda ngongole. Amalume akuti asiye za digirizo, akachite diploma ku koleji ya CHAM (ya mishoni) ngati St Luke's ku Malosa, zaka 3 basi ayambe kulandira. Ine ndimaganiza za loni ya boma, ndipo ikaperewera pali munthu pamsika amene amabwereketsa. Anamwino muli muno ndiuzeni zoona: malipiro a wa digiri amakwanadi kubweza ngongole, kulipira lendi, n'kutumizako kangachepe kumudzi? Kapena timumangirira mwala m'khosi mwanayu?

Sisita wa ku labour ward:
Achimwene, ndayenda njira imeneyi, mvetserani. Loni ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a ku yunivesite, sindiye yoopsa kwambiri. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo kubweza kumayamba pakatha zaka ziwiri munthu atamaliza sukulu. Ukalembedwa ntchito abwana amadula ku malipiro, sumachita kukapereka yonse kamodzi. Koma musawerengere kuti mwapeza kale, amafunsira ambiri ndipo si onse amapatsidwa.

Zimene zimapha ndi tinthu tomwe pa fomu sitioneka. Yunifolomu, nsapato zotseka, kawotchi ka pachifuwa, stethoscope, makina a BP, laptop. Kenako ma clinical: mwana amatumizidwa kuchipatala china milungu ingapo, transipoti, chakudya, pena ndi pogona, zonse pathumba panu. Akamaliza sanathe, pali mayeso a Nurses and Midwives Council, opanda laisensi imeneyo sagwira wodwala kulikonse. Ndiye pakubwera kudikira. Ine ndinakhala pakhomo ndi digiri yanga nthawi yaitali, kumangothamangira ma locum (maganyu a pachipatala) ndi timakontirakiti ta mapulojekiti. NONM, bungwe loimira anamwino ndi azamba, yakhala ikudandaula poyera za anamwino ophunzira kale amene alibe ntchito, si nkhani yobisika. Powerengera panu ikanipo chaka kapena ziwiri zomwe mwanayo adzakhala akudyabe kwa inu.

Mnyamata wa kabaza pa M'baluku:
Za munthu wa pamsikayo iwalani bigi. Katapila wa mwezi umodzi amatilanditsa njinga, ndiye wa zaka 4?

Namwino wa kumudzi:
Amalume anuwo musawatsutse msanga. Ine ndine NMT, namwino wa diploma, ndili pa health centre mbali ya ku Makanjira, ndinayamba kulandira anzanga a digiri akadali m'kalasi. Koma ndinene chilungamo. Fizi ya ku CHAM nayonso si yamasewera, kafunseni nokha muone. Ndipo m'boma timalowa pa magiredi osiyana, wa digiri amayambira pamwamba monga nursing officer, ife pansi. Ntchito ya usiku ndi imodzi, magazi ndi omwewo, koma pa payslip mpamene umadziwa malo ako. Kuti ndikweze maphunziro ndiyenera kudikira chilolezo, ndipeze fizi ina, ndisiye ana kwa agogo awo. Amene wapeza kale malo a digiri ali mtsikana, ine sindingamuuze kuti awasiye.

Che Mjomba:
Kwathu kuno ambiri ndife Asilamu. Ngati banja lanu ndi lotero, za chiwongoladzanja kafunseni kaye a Shehe, madala asadzakane pepala litasainidwa kale.

Wa ku Joni:
Angomaliza apite ku UK, miyezi itatu ngongole yatha. Mukuvutikiranji?

> Sisita wa ku labour ward: Si ngati kukwera basi ya ku Johannesburg achimwene. Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa mayiko osowa ogwira ntchito zaumoyo, ndiye mabwana a ku UK saloledwa kubwera kudzasaka anamwino kuno. Munthu amafunsira yekha. Asanafike uko pali mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, ndi mayeso a unamwino a pa kompyuta a CBT, kenako akafika pali OSCE, mayeso oonetsa ntchito pamanja, ndipo zolipira zake si za makwacha. Ena amadutsa, inde. Koma bajeti ya banja musaimange pa ndege imene simunaione.

Kalaliki wa maakaunti:
Ine ndikambe za injini, chifukwa mpamene ndikuona ngozi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44% mu November 2023. Injini ya boti imachokera kunja, mtengo wake umatsata dola. Mukaigulitsa lero, ndalamayo idzatha chaka chachiwiri chisanathe, ndipo simudzagulanso ina pa mtengo umenewo. Pomwe ngongole ya mu makwacha imapepuka ndalama ikamagwa, bola chiwongoladzanja chake chikhale chochepa, ndiye werengani bwino mgwirizano musanasaine. Injiniyo ndi imene izidzagula sopo ndi transipoti ya ma clinical.

Chitani izi madzulo ano. Pezani namwino wa digiri ndi wa diploma amene mumagwirizana nawo, akuonetseni zimene zimalowa ku banki akadula msonkho wa PAYE ndi zina zonse, osati gross. Kusiyana kwa awiriwo pamwezi ndiko kudzabweze loni. Chaka chimodzi chimene wa diploma watsogola nacho, wa digiri amachipeza ngati onse alembedwa ntchito. Mawu ndi amenewo: ngati alembedwa.

Mayi a mapasa:
Nonse mukukamba za injini ndi UK. Mwini wake mwamufunsa? Unamwino wongoufunira malipiro sukhalitsa. Ndinagonapo ku maternity, ndinaona mtsikana mmodzi akuthamangira amayi atatu nthawi imodzi, magetsi atazima, tochi ya foni ataluma kukamwa.

Membala wosadzitchula dzina:
Zikomo nonse. Mayi, mwanayu ndi amene anasankha yekha pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite, uzamba amaukonda kuyambira ali ku sekondale. Za katapila ndasiya. Injini ndikakamba ndi madala Lachisanu akachoka ku mzikiti, ndipo a Shehe tikawaona limodzi monga mwanenera Che Mjomba. Chondiopsa n'chakuti miyezi ya mwera usipa umasowa, geni imagwa, nanga ma clinical akadzagwera nthawi yomweyo? Ndipo loni ikakanika chaka choyamba, ndiye kuti basi?

> Sisita wa ku labour ward: Amafunsira chaka chilichonse, akakanidwa ayesenso. Mapepala onse osonyeza mmene banja lilili akonzeretu msanga, asadikire tsiku lotseka. Za mwerazo, lowani banki m'khonde pano usipa ukadalipo, muziponya ya ma clinical padera. Mumuuze andilembere ku inbox, ndili ndi mayunifolomu awiri amene anandithina.