Mwana wa zaka 2 ndi miyezi 4 sakulumikizabe mawu: ndiyambire pati?

Mayi wa ku Mtendere

Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga a muno mu Lusaka. Mwana wanga wamwamuna wakwanitsa zaka 2 ndi miyezi 4, koma mawu amene amatchula momveka sapitirira khumi, ndipo akafuna chinthu amangondigwira dzanja n'kundikokera pamene chili. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Katete ananena kuti lilime lake ndi lomangika, tikadulitse kamnofu kapansi pake. Bambo ake akuti tamusokoneza ndife, popeza ine ndimamulankhula Chichewa, iwo Chibemba, ndipo mtsikana amene amatsala naye masana amamuikira makatuni a Chingerezi pa foni. Kodi ndidikire kaye kapena ndipite naye kuchipatala?

Amake mapasa, Chilenje

Amayi, musadikire, ndipo muyambire makutu. Mmodzi mwa mapasa anga anali chimodzimodzi, ndipo tonse pakhomo tinkatsimikiza kuti amamva chifukwa chitseko chikamenyetseka ankadzidzimuka. Tinaphunzira mochedwa kuti kumva phokoso lalikulu n'kwina, kusiyanitsa "phala" ndi "bala" n'kwinanso. M'kati mwa makutu ake munali madzi otsalira pa chimfine chobwerezabwereza, moti mawu athu ankamufika ngati tikulankhulira kuseri kwa khoma, koma iye sankalira kapena kutentha thupi kuti tidziwe.

Tengani khadi lake la kusikelo, mufotokozere anamwino a pakiliniki yanu, ndipo mupemphe kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu cha UTH kuti akamuyeze makutu. Kuchipatala cha Beit CURE, pa Great North Road, amayezanso kumva kwa ana. Musanapite, kumbukirani bwino ngati anadwalapo matenda oumitsa khosi, malungo aakulu, chikasu atangobadwa, kapena ngati anatulukapo mafinya m'khutu, chifukwa adokotala adzafunsa zimenezi ndipo zina mwa izo zimawononga kumva.

Mphunzitsi wa ana a mkaka, Kabwata

Bambo a mwana muwauze mwaulemu kuti zilankhulo ziwiri kapena zitatu sizichedwetsa mwana kulankhula. Zikanatero, ana a ku Matero ndi ku Chawama bwenzi ali chete onse. Chofunika n'chakuti powerenga mawu ake muphatikize a zilankhulo zonse, kuti akanena "madzi" kwa inu ndi "amenshi" kwa bambo ake, onsewo alembedwe. Mwana wa zaka 2 amayembekezeka kukhala ndi mawu pafupifupi 50 ndi kuyamba kulumikiza awiri, monga "nsima ina", choncho khumi ndi ochepa ndithu, ndipo Amake mapasa anena zoona.

Chimene chandidetsa nkhawa ine ndi foni. Malangizo a 2019 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku akuonera foni kapena TV, ndipo kuchepetsa n'kwabwino koposa. Katuni imalankhula yokha, siyembekeza kuti mwana ayankhe.

Podikira tsiku la kuchipatala, gwiritsani ntchito zimene mumachita kale. Pomusambitsa tchulani dzanja, mutu, sopo, ndipo pokwera minibasi muzimuuza zimene akuona pa zenera. Akakukokerani kukhitchini musamupatse msanga chimene waloza: gwirani zinthu ziwiri, mufunse kuti "Ufuna nthochi kapena mbatata?", kenako mukhale chete mukumuyang'ana, muwerenge mpaka zisanu mumtima. Kukhala chete kumeneku n'kumene kumativuta ife akuluakulu, timafulumira kumuyankhira mwana. Akanena "tochi" musamudzudzule kapena kumukakamiza kubwereza, mungoti "Inde, nthochi yakupsa", kuonjezera liwu limodzi pa lake. Mukamaimba nyimbo yoombera m'manja imene amaidziwa, imani liwu lomaliza lisanafike, muone ngati angamalize yekha. Mtsikana wanu mumuphunzitsenso zimenezi, pakuti ndiye amakhala naye nthawi yaitali.

Namwino wopuma ntchito, Kaunda Square

Mwanangu, za lilimezo musalole kuti wina azichite kunyumba ndi lumo, chifukwa pansi pa lilime pali mitsempha ya magazi ndipo chilonda cha pamenepo chikhoza kulowa tizilombo. Lilime lomangika limakhalapodi, koma kawirikawiri limaonekera poyamwa mwana ali wakhanda, ndipo sililepheretsa mwana kudziwa mawu ambiri. Adokotala akaliyang'ane. Muwauzenso ngati mwanayo amatembenuka mukamuitana dzina, ngati amakuyang'anani m'maso, ndiponso ngati amakulozerani chinthu pongofuna kuti muone naye limodzi, osati pofuna kupatsidwa kokha. Apongozi anu mupite nawo, akamve okha.

Mayi wa ku Mtendere

Zikomo nonse. Ndayang'ana m'khadi lake ndipo ndakumbukira kuti chaka chatha m'nyengo yozizira khutu lake lamanzere linatuluka mafinya kawiri, ife tinangopukuta litasiya kupweteka. Lolemba m'mawa ndikupita naye kukiliniki kukapempha kalatayo, ndipo apongozi avomera kuti za lumo ziyambe zaima.