Chifundo chandithera, kodi ntchitoyi si yanga?

A admin, ndibiseni dzina chonde.

Ndikuphunzira ntchito yothandiza odwala pogwiritsa ntchito masewera, nyimbo ndi ntchito zamanja, ndipo pano ndili pa atachimenti kuno ku Salima. Ambiri ndi ana amene malungo a mu ubongo anawasiya osayenda kapena osalankhula bwino, komanso agogo odwala sitiroko. Agogo ena timasewera nawo bawo kuti zala za dzanja lofooka zizolowerenso kutola nkhomo.

Poyamba mayi akamalira ndinkalira naye. Ndalama yanga ya chakudya ndinkapatsa amayi ochokera ku Khombedza kuti akwerere minibasi. Pano mwana akalira ndimangoyang'ana wotchi, ndipo usiku tulo sitibwera. Mnzanga amene timamunena kuti ndi wouma mtima ali bwinobwino, akaweruka amakaonera mpira pa Kamuzu Road. Kodi ife ofewa mitima ntchitoyi ingotithera moyo? Ndisiye?

Ndemanga

Mayi wa ana awiri: Pempherani mwanawe, Mulungu ndiye anakuikani pamenepo.

Namwino wa ku Dwangwa: Achemwali, zimenezi ife a mu wodi timazidziwa bwino. Zimakonda kugwira amene amasenza ululu wa wodwala n'kupita nawo kunyumba, amene satha kunena kuti ayi, ndi amene amadziimba mlandu wodwala akapanda kuchira. Mnzanuyo musafulumire kumuweruza, mwina amangodziwa polekezera. Pa intaneti pali mafunso 30 aulere otchedwa ProQOL, oyezera kutopa kwa mtima kwa anthu ogwira ntchito yothandiza ena, yankhani muone pamene mwafika, kenako mukakambirane ndi amene amakuyang'anirani. Ndalama ya chakudyayo lekani kugawa lero lomwe. Salima yonse simungaikweze minibasi.

Bambo a Chisomo: Ana a masiku ano mwachepa mitima. Ntchito simunayambe n'komwe, mwatopa kale?

Namwino wa ku Dwangwa: Abambo, mwana woti sangathe kukhala yekha tsonga munamugwirizizapo m'mawa wonse, mayi ake akukufunsani tsiku lomwe adzayende?

Wa ku Chipoka: Za tulozo musazitenge mopepuka. A St John of God ali ndi aphungu ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo Lilongwe si patali.

Mwini nkhani: Zikomo nonse. A namwino, chikundiopsa n'chakuti amene amandiyang'anirayo ndi yemwenso amandipatsa malikisi. Ndikamuuza zonsezi sandilemba kuti ndine waulesi?