Ndasintha mchira wa DPPC kuti ikhale POPC, grompp ikukana

nyamakazi_92: Anzanga ndithandizeni. Ndili ndi bilayer (membrane ya magawo awiri a ma molecule a mafuta otchedwa lipid) ya lipid yotchedwa DPPC, ma lipid 128, ndinaiyendetsa kale mu GROMACS (pulogalamu ya pa kompyuta yoyerekezera mayendedwe a ma molecule) ndi CHARMM36 (malamulo a mphamvu za pakati pa ma atomu) mpaka inakhazikika bwinobwino, ndiye supervisor wanga akuti tigwiritse lipid ina, POPC. Ine ulesi wandigwira, ndangotsegula gro file (fayilo ya malo a ma atomu) nkusintha dzina la residue kuchoka pa DPPC kukhala POPC, pa topology (fayilo yofotokoza ma molecule) ndaikanso POPC.itp, koma grompp (gawo la GROMACS lokonzekera simulation) ikungoti chiwerengero cha ma atomu sichikugwirizana ndi topology. Ndalakwitsa pati?

chule_wa_lab: Aise kusintha dzina sikusintha molecule ayi. DPPC ili ndi ma atomu 130, POPC 134, ndiye pa ma lipid 128 mukusowa 512. Mchira wachiwiri wa lipid (sn-2) umachoka pa ma carbon 16 kufika 18, komanso pakati pa C29 ndi C210 (carbon 9 ndi 10 a mchirawo) pamakhala double bond, ndiye ma hydrogen awiri achoka, anayi abwera ndi ma carbon atsopanowo. Ndipo gro iyenera kutsatira ndondomeko ya ma atomu a mu itp mzere ndi mzere, mukasokoneza grompp imangochenjeza za mayina, ena amaika maxwarn (yodumphira machenjezo) nkupitiriza, musatero chonde.

mai_ake_Tamanda: Ine ndinayesapo njira yamanja imeneyi ndili ku masters, ndinawonjezera ma atomu ndi script, minimization inadutsa, ndinasangalala. Patapita sabata ziwiri ndinajambula ma order parameter (muyeso wa kuwongoka kwa michira), ndikuona mchira wa oleoyl, wa double bond uja, uli chilili, kugwa kwa graph komwe kumayenera kuoneka pa C9 ndi C10 kukuoneka pang'ono chabe. Kupita pa VMD (pulogalamu yoonera ma molecule), theka la ma double bond anali trans (owongoka) m'malo mwa cis (opindika)! Imeneyi siitembenuka yokha ngakhale muyendetse ma nanosecond angati, yatsala trans yatsala. Ndinataya zonse nkuyambiranso.

Achimwene pitani pa CHARMM-GUI Membrane Builder, website yopangira ma membrane, POPC ilimo kale, ikupatsani mafayilo a GROMACS ndi ma step a equilibration. Kukonza pamanja kusiyireni lipid yomwe mulibe mu library.

chule_wa_lab: Zoona mai. Komanso a nyamakazi onani kutentha, DPPC yanu mwina munaiyendetsa pa 323 K chifukwa pansi pa 314 K imauma kukhala gel, pomwe POPC pa 303 kapena 310 ili bho. Pcoupltype (setting ya pressure mu GROMACS) ikhale semiisotropic.

nyamakazi_92: Eee 323 yomweyo, mwandigwira. Ndayamba CHARMM-GUI, ndi 64 pamwamba 64 pansi eti?

mai_ake_Tamanda: Eya, 64 ndi 64.