Amayi anadwala sitiroko: tiwasiye agone kapena tiziwadzutsa?

Mwana wa ku Ngabu:
Abale anga, ndikupempha uphungu. Amayi anga, a zaka 64, anadwala sitiroko masabata 5 apitawo, ndipo dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka. Potuluka m'chipatala ku Chikwawa tinauzidwa kuti azilimbitsa thupi, koma azakhali akukana, akuti wodwala chotere sayenera kuvutitsidwa, makamaka mu Okutobala muno pamene dzuwa likuswa mtengo. Tsopano amayi amangogona pamphasa tsiku lonse. Kodi kuwadzutsa kungawathandizedi, kapena tingawonjezere matenda?

Namwino wopuma pantchito, Nchalo:
Mwanawe, azakhali anu akulankhula chifukwa cha chifundo, koma kugona tsiku lonse n'kumene kungawapweteke amayi anu. Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, ndipo popeza mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo imalamulira mbali yakumanja ya thupi, vuto lenileni lili m'mutu ngakhale likuonekera padzanja ndi pamwendo. Mbali zina za ubongo zimatha kuphunzira ntchito ya mbali yowonongekayo, koma zimaphunzira pokhapokha chiwalocho chikamagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, ndipo kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira. Masabata 5 apita kale, choncho musachedwenso.

Munthu akangogona, minofu imachepa mphamvu, mfundo zimauma, pamsana ndi m'chiuno pamatuluka zilonda, ndipo chibayo sichichedwa. Yambani ndi kuwakhazika pampando wolimba, kenako aziimirira ndi kukhalanso kangapo, inu mutaima kumbali yofookayo. Chonde musawakoke dzanja lofooka powadzutsa, chifukwa phewa limatha kuguluka ndi kuwawa kwa miyezi. Ngati mungakwanitse ulendo wa ku Blantyre, ku Kachere Rehabilitation Centre kuli akatswiri a fiziyo, kutanthauza masewera olimbitsa ziwalo zofooka, amene angakuphunzitseni zoyenera amayi anu.

Mlimi wa thonje, Bangula:
Achimwene, ine ndinadutsamo ndi bambo anga. Tinazika mitengo pabwalo n'kumangirira nsungwi ziwiri zofika m'chiuno, kuti aziyenda pakati atagwira uku ndi uku. Tinkachita zimenezi m'mamawa kusanatenthe ndiponso madzulo, madzi akumwa ali pafupi, pakuti kutentha kwa kuno kumafooketsa ngakhale munthu wabwinobwino. Chimene ndinalakwitsa n'chakuti ndinkawachitira zonse, mpaka kuwamwetsa phala, ndipo dzanja lawo linachedwa kwambiri. Titayamba kuwapatsa chimanga kuti azitonola ndi nandolo kuti azisankha m'lichero, zala zinayamba kugwira pang'onopang'ono, nawonso nkhope yawo inasintha chifukwa anaona kuti akadali ndi ntchito pakhomo.

Namwino wopuma pantchito, Nchalo:
Ndiwonjezere kuti mankhwala a BP asasiye, ndipo mchere muchepetse m'ndiwo. Akamva chizungulire, kuwawa pachifuwa kapena kubanika, apume nthawi yomweyo. Pakamwa pakapotoka mwadzidzidzi kapena mawu akasokonekera, thamangani nawo kuchipatala osadikira kuti kuche.

Mwana wa ku Ngabu:
Zikomo kwambiri, amayi ndi achimwene. Ndawawerengera azakhali mayankho anu, ndipo avomera kuti mawa m'mamawa adzandithandiza kuwakhazika amayi pampando. Nsungwi ndikadula Loweruka.